KODI MAVALAVU AKULU AMAONJEZERA MPHAMVU YA GALIMOTO?

Nkhani iyi inakambidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa za Ulimi, ndipo taisindikiza pano kuti amene sanaimve aiwerenge.

 Masiku onse ndimakamba nanu za mbeu, za manyowa ndi za ziweto. Lero ndatula khasu pansi pang'ono, ndipo ndifuna kuti tikambirane za galimoto. Musadabwe ai. Ndalama zimene mlimi amagulira galimoto zimacokera m'munda, ndipo zikatayika ku galaja, ndi thukuta la m'munda lomwelo limene latayika.

Cimene candicititsa ndi ici. M'dera limene ndimagwira nchito muli mlimi wina wakhama, amene atagulitsa fodya ndi mtedza wace anagula pikapu yakale yoyendera petulo. Galimotoyo inali kumthandiza kutengera mbeu ku msika, koma pa citunda inali kufooka. Anapita nayo kwa makaniko wina m'tauni, ndipo makanikoyo anati, "Bambo, injini yanuyi iri kubanika. Tiyeni tiikemo mavalavu akulu monga amacitira anthu a mipikisano, ndipo idzauluka." Mlimiyo anabvomera, nalipira ndalama zimene zikadakwanira feteleza wa munda wace wonse. Galimoto itabwera inali kulira mokoma ndithu, ndipo pa mseu wa tala inali kuthamanga bwino iri yopanda katundu. Koma tsiku limene anaipakira matumba a cimanga, pa citunda comwe cija inafooka kuposa kale, ndiponso inayamba kumwa mafuta ambiri. Mvula isanagwe citsulo ca pamwamba pa injini cinang'ambika, madzi analowa m'kati, ndipo lero galimotoyo iri pa bwalo, nkhuku ndizo ziri kugonamo.

Atandifotokozera anandifunsa kuti, "Alangizi, kodi ndinanyengedwa, kapena linali tsoka cabe?" Yankho limene ndinampatsa ndilo ndifuna kukupatsani inu nonse, pakuti ino ndi nyengo imene ambiri muli ndi ndalama m'manja.

INJINI IMAPUMA

Poyamba tiyeni timvetse nchito ya valavu. Injini imapuma monga munthu kapena ng'ombe. M'kati mwace muli mabowo a citsulo onga mitondo, amene amakaniko amati masilinda. M'bowo liri lonse muli citsulo cokwera ndi kutsika monga munsi, dzina lace pisitoni. Pamwamba pa masilindawo pali cibvundikiro colemera cimene amati hedi, ndipo m'hedimo ndimo muli mavalavu. Valavu ndi kacitsulo kooneka ngati bowa wa tsinde lalitali, ndipo nchito yace ndi ya citseko. Silinda iri yonse iri ndi citseko colowera mpweya ndi citseko cotulukira utsi.

Pisitoni ikamatsika, valavu yolowetsa imatseguka ndipo mpweya wosakanizika ndi petulo umalowa. Ikamakwera, zitseko zonse zimatseka ndipo mpweyawo umapanikizidwa. Pamenepo pulagi imathetheka moto, mpweya uja uphulika nukankhira pisitoni pansi, ndipo apa ndipo pacokera mphamvu yoyendetsa mawilo. Potsiriza pisitoni imakweranso, valavu yotulutsa itseguka, utsi nutuluka. Munthu amene anayamba kupanga bwino injini yotere ndi Nikolaus Otto wa ku Germany, m'caka ca 1876, ndipo magalimoto a petulo ali kutsata njira yomweyo kufikira lero.

Tsono moto sungayake popanda mpweya. Kuti petulo wolemera kilogalamu 1 apsye bwino, pafunika mpweya wolemera pafupi-fupi makilogalamu 15. Injini ya malita 2 imene iri kuzungulira ka 3,000 pa mphindi imafuna kukoka mpweya wofika malita 3,000 pa mphindi imodzi, ndiko kuti migolo 15 ya malita 200. Mpweya wonsewo udzera pa mavalavu, ndipo valavu iri yonse imatseguka ndi kutseka ka 25 pa sekondi imodzi. Cotero makaniko uja poganiza kuti citseko cacikulu cidzalowetsa mpweya wambiri, sanapeke bodza la iye yekha. M'mau acewo munali coonadi pang'ono, koma anasiya zambiri.

KUMENE NZERUYI INACOKERA

Nzeru yokulitsa mavalavu inacokera kwa anthu opanga magalimoto a mipikisano ku Ulaya ndi ku America. Injini zao zimazungulira ka 7,000 pa mphindi, kapena kuposa apo, ndipo pa liwiro lotere citseko cimatseguka kanthawi kocepa zedi. Pamenepo citseko cacikulu cimathandizadi. Koma imvani zimene akatswiriwo anapeza.

M'caka ca 1971 kampani ya Lotus ya ku England inali kugulitsa galimoto yaing'ono yothamanga, dzina lace Elan Sprint. Injini yace anaipatsa dzina lakuti Big Valve, ndiko kunena kuti valavu yaikulu, ndipo inali ndi mphamvu ya mahosipawa 126. Anthu ambiri pakumva dzinalo anayesa kuti mphamvu yonseyo inacokera ku mavalavu. Koma valavu yolowetsa anaikulitsa ndi pafupi-fupi milimita 1 cabe. Pamodzi ndi ico anaonjezera kupanikizika kwa mpweya mu silinda, anasintha citsulo cokankha mavalavu cimene amati kamu, ndipo anakonzanso kabureta, ndiye cipangizo cosakaniza petulo ndi mpweya. Mphamvu inadza cifukwa ca zonsezi pamodzi.

Ku America, m'caka ca 1969, kampani ya Ford inapanga galimoto ya dzina lakuti Mustang Boss 302, kuti ikacite nayo mipikisano. Mavalavu ace olowetsa anali a mainchesi 2.23, ndiko kuti pafupi-fupi mamilimita 57, ndipo njira za mpweya za m'hedi zinali zazikulu kwambiri. Injiniyo inali yaukali ikazungulira msanga, koma inali yaulesi poyenda pang'ono-pang'ono. M'caka ca 1970 eni acewo anacepetsa mavalavuwo kufika pa mainchesi 2.19. Taonani, opanga okha anabwerera m'mbuyo.

Ku England komweko kunali kagalimoto kochuka, Mini Cooper S, kamene kanayamba kupangidwa m'caka ca 1963. Mavalavu ace anali akulu ndi oyandikana kwambiri, ndipo hedi zambiri zinali kung'ambika pakati pa mavalavu awiriwo. Pambuyo pace opanga anacepetsa valavu yotulutsa utsi.

Njira imene inapambana ndi yina. M'caka ca 1912 kampani ya Peugeot inapambana mpikisano waukulu wa ku France ndi injini yokhala ndi mavalavu 4 pa silinda iri yonse m'malo mwa 2. Mpweya umalowera m'mphepete mwa valavu, kuzungulira mlomo wace. Valavu imodzi ya mamilimita 40 iri ndi mlomo wa mamilimita 126 kuzungulira, koma mavalavu awiri a mamilimita 30 ali ndi mamilimita 188 pamodzi, ndiponso ndi opepuka. Ndi cifukwa cace magalimoto ambiri a masiku ano ali ndi mavalavu ang'ono ambiri, monga aja a masilinda 4 okhala ndi mavalavu 16.

ZIFUKWA ZISANU

Nanga bwanji valavu yaikulu payokha siipatsa galimoto mphamvu? Zifukwa zace ndi zisanu, ndipo zonse mlimi angazimvetse ndi zinthu za pa mudzi.

Coyamba, ganizani za khola la ng'ombe. Ng'ombe zanu pobwera ku dambo zimadzera kanjira kopanikiza pakati pa minda, ndipo zimayenda imodzi-imodzi. Inu mukakulitsa cipata ca khola, kodi zidzalowa msanga? Iai, pakuti coziletsa ndi kanjirako. Mpweya nawonso usanafike pa valavu umadzera mu sefa, mu kabureta, m'mapaipi ndi m'njira za m'hedi, ndipo utsi ukatuluka umadzera mu ekizozi. Pamene pali popanikiza koposa ndipo pamalamula zonse. Ngati popanikizapo si pa valavu, kukulitsa valavu nkutaya ndalama.

Caciwiri, citseko cifuna malo. Mukamanga nkhokwe pafupi ndi khomo la nyumba, ngakhale citseko cikhale cacikulu, munthu wosenza mtolo adzabvutika kulowa. Silinda siikula pamene valavu yakula. Mlomo wa valavu yaikulu umayandikira khoma la silinda, khomalo liphimba mbali imodzi, ndipo nthawi zina mpweya wolowa umacepa kuposa kale.

Cacitatu, citseko cacikulu cotseguka pang'ono sicipindula kweni-kweni. Valavu imalowetsa mpweya mokwanira ikakankhidwa mtunda wofika gawo limodzi mwa magawo 4 a kukula kwace. Ya mamilimita 40 ifuna kukankhidwa mamilimita 10, ndipo yoposa apo ifuna kukankhidwa koposa. Wokankha ndi kamu, ndipo kamu yakale idzakankha monga mwa kale. Ndiponso valavu yaikulu ndi yolemera, cotero ifuna masipuling'i olimba kuti itseke pa nthawi yace. Ikacedwa kutseka ingagundane ndi pisitoni, ndipo injini yonse ingaonongeke.

Cacinai ndico cacikulu kwa ife alimi. Inu amene mumathirira m'madimba mudziwa kuti madzi amathamanga mu ngalande yopapatiza, koma akafika potambalala amayenda mwaulesi nasiya mcenga pansi. Wosula makasu nayenso amaika kamlomo kakang'ono ku mvukuto wace kuti mphepo ifike pa makala ndi mphamvu. Mpweya wa mu injini uli cimodzi-modzi. Ukamathamanga umasakanizika bwino ndi petulo, ndipo umapitirira kudzikankhira mu silinda ngakhale pisitoni yafika kale pansi. Makaniko poika valavu yaikulu amakumbanso njira za m'hedi kuti zikule. Tsono injini ikamazungulira pang'ono, mpweya umayenda mwaulesi m'njira zazikuluzo, petulo amatsalira m'makoma monga mcenga uja, ndipo moto suyaka bwino. Mafuta apita ambiri, mphamvu yokoka icepa.

Cacisanu ndi kutentha. Valavu yotulutsa utsi imatentha kufika madigiri 700 ndi kuposa, mpaka kufiira. Kutenthako kumathawira m'citsulo ca hedi, ndipo m'kati mwa citsuloco mumayenda madzi oziziritsa. Pokumba malo a mavalavu akulu, citsulo cotsala pakati pao cimapyapyala, ndipo cimang'ambika monga mbiya yopyapyala pa moto waukali. Ici ndico cinagwera mnzathu uja.

GALIMOTO YANU NDI NG'OMBE YA PA NGOLO

Mphamvu ziri za mitundu iwiri. Gwape ali ndi liwiro, koma simungammange pa goli. Ng'ombe siithamanga, koma imakoka ngolo yodzaza kutuluka nayo m'matope. Galimoto ya mpikisano ndi gwape, ndipo imanyamula munthu mmodzi pa mseu wosalala. Galimoto ya mlimi ndi ng'ombe. Pamene muli kukwera citunda ca ku Golomoti kupita ku Dedza ndi matumba kumbuyo, injini yanu iri kuzungulira ka 2,000 kapena 3,000 pa mphindi. Pa liwiro limenelo mavalavu amene anabwera ndi galimoto ali ndi nthawi yokwanira yodzaza silinda. Opanga anawayesa kale kuti akhale oyenera nchito yotereyo. Mavalavu akulu amasunthira mphamvu ku liwiro la pamwamba kumene inu simufikako, nacepetsa mphamvu ya pansi imene mumadyera.

Kwa inu amene muli ndi injini za dizilo, za cigayo, za pampu yothirira kapena za thirakitala, nkhaniyi ndi yaifupi. Injini zimenezi zinapangidwa kuti zizizungulira pang'ono. Lister yakale ya silinda imodzi, imene akulu-akulu aikumbukira, inali kupereka mahosipawa 6 pozungulira ka 650 cabe pa mphindi. Zambiri za silinda imodzi zocokera ku China zimazungulira ka 2,000 kapena 2,200. M'kati mwace muli cipangizo cimene amati gavanala, coletsa injini kupitirira liwiro lace, ndipo mphamvu imatsata muyeso wa dizilo amene pampu iri kupereka. Kukulitsa mavalavu a injini yotere kuli ngati kugulira ng'ombe nsapato zothamangira.

AKUBA ENI-ENI A MPHAMVU

Tsono wina adzafunsa kuti, "Nanga galimoto yanga iri kufookeranji?" Tiyeni tiwachule akubawo mmodzi-mmodzi.

Woyamba ndi dziko lathu lomwe. Munthu akamakwera ku mapiri mpweya umapepuka. Injini yopanda turbo imataya pafupi-fupi gawo 1 mwa magawo 100 a mphamvu yace pa mamita 100 ali onse amene yakwera. Lilongwe ali pa mamita oposa pang'ono 1,000 kucokera pa nyanja ya mcere, cotero kumeneko injini yataya kale magawo 10. Ku Dedza, pa mamita pafupi-fupi 1,600, yataya magawo ngati 15. Galimoto imene inali yanyonga ku Nsanje idzaoneka yofooka ku Dedza ngakhale iribe bvuto liri lonse, ndipo palibe valavu imene ingalemeretse mpweya wa ku mapiri.

Waciwiri ndi pfumbi. M'miseu yathu ya dothi, makamaka m'cilimwe, ndiponso m'cigayo momwe ufa umauluka tsiku lonse, sefa ya mpweya imatsekeka msanga. Injini ya sefa yotsekeka iri ngati munthu wolima atamanga nsanza kukamwa. Sefa ya pepala musaitsuke ndi madzi kapena petulo. Ikuntheni pang'ono-pang'ono, ndipo ikada kwambiri gulani yina. Sefa ya oilo itsukeni ndi kuthiramo oilo watsopano. Koma musayendetse injini popanda sefa, pakuti pfumbi limadya silinda monga mcenga umadyera khasu. Injini ya dizilo ikamatulutsa utsi wakuda, yambani mwaona sefa, kenaka manozo opopera mafuta, ndiponso kulemera kwa katundu.

Wacitatu ndi mavalavu omwewo, osati cifukwa ndi ang'ono, koma cifukwa satseka bwino. Pa injini zambiri pamafunika kampata kakang'ono pakati pa valavu ndi cokankha cace, ndipo muyeso wace unalembedwa m'buku la galimotoyo. Kampatako kakacepa valavu siikhala bwino pa mpando wace, moto umadutsa m'mphepete, ndipo valavuyo imapsya. Kakakula valavu siitseguka mokwanira, ndipo mumamva kugogoda pamwamba pa injini. Kulinga kampatako ndi nchito yaing'ono ya mtengo wocepa. Ngati mavalavu adyeka, makaniko wabwino amawanola pamodzi ndi mipando yace kuti zigwirane, kapena amaikamo atsopano a muyeso womwewo.

Wacinai ndi ukalamba wa injini. Mphete za pa pisitoni, zimene amakaniko amati maring'i, zikatha, mpweya wopanikizidwa umathawira pansi. Cizindikiro cace ndi utsi wobiriwira ndi kutha msanga kwa oilo. Pali kacipangizo konga wochi kamene amakulungira pa bowo la pulagi kuti ayese kupanikizika kwa silinda iri yonse. Kuyesa kumeneku sikutenga nthawi, ndipo kumaulula bvuto hedi isanatsegulidwe.

Ena ndi mapulagi akutha, moto wothetheka nthawi yolakwika, kilachi yoterereka, mabuleki ogwira, ndi matayala ocepa mpweya. Koma wakuba wamkulu koposa onse ndi ife eni. Pikapu yoyenera kunyamula tani imodzi imakwana matumba 20 a makilogalamu 50. Ife timapakira 30, pamwamba pace tikwezanso anthu, ndipo ikafooka timati injini ndi yocepa. Maulendo awiri a katundu woyenera ndi ochipa kuposa hedi yatsopano, ndiponso mabuleki amagwira bwino potsika citunda.

MAU KWA MAFUMU NDI ANYAKWAWA

M'midzi yambiri tsopano muli makalabu a alimi amene anasonkha ndalama nagula cigayo, pampu kapena galimoto ya gulu. Zinthu zimenezi zikaonongeka, milandu yace imafika pa bwalo panu. Cotero ndikupemphani, inu eni mudzi, kuti ndalama za gulu zisatuluke kupita ku galaja musanamve mayankho a mafunso awa.

Kodi makaniko wayesa kupanikizika kwa masilinda onse, ndipo wapeza ciani? Kodi waona sefa, mapulagi, kampata ka mavalavu ndi kilachi? Kodi zitsulo zimene afuna kuikamo ndi za muyeso umene opanga injiniyo analemba? Ngati anena za mavalavu akulu, mfunseni kuti mphamvu imene ali kulonjezayo idzaoneka injini ikamazungulira kangati pa mphindi. Mfunseninso ngati adzasintha kamu, kabureta ndi ekizozi, ndi mtengo wa zonsezo. Potsiriza mfunseni kuti hedi ikang'ambika adzalipira ndani. Akulu anati safunsa anadya phula.

Sindiri kunena kuti amakaniko onse ndi onyenga ai. Ambiri ndi anthu okhulupirika, amene amayendetsa magalimoto akale ndi zipangizo zocepa, ndipo tiyenera kuwalemekeza. Wodziwa nchito yace sadzakwiya ndi mafunso amenewa; adzayankha mokondwa. Amene adzapsya mtima ndi amene anaona nzeruyi pa lamya ya m'manja, pa zithunzi za magalimoto a mipikisano, osadziwa kuti eni acewo ali ndi makina oyesera mpweya wodutsa m'hedi, ndipo amayesa asanadule citsulo ndi atadula.

Tsono yankho la funso lathu ndi ili. Mavalavu akulu amaonjezera mphamvu pa injini yozungulira msanga kwambiri, pamene valavu ndiyo yatsala yopanikiza, ndipo zina zonse zasinthidwa kuti zigwirizane nayo. Pa galimoto yonyamula mbeu, pa cigayo ndi pa pampu, sathandiza, ndipo kawiri-kawiri amaononga. Cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Sungani sefa yoyera, sinthani oilo pa nthawi yace, lingani mavalavu amene muli nao, pakirani katundu woyenera, ndipo ndalama zotsalazo mugulire mbeu ndi feteleza mvula isanafike.

Amene muli ndi mafunso kaonaneni ndi mlangizi wa kwanuko. Mafumu, kafotokozereni anthu anu amene sanamve nkhaniyi.